Wosiya Ntchito Chifukwa Bwana Wasintha Pangano: Amatuluka ndi Chiyani?

Nkhani yophunzitsa kwa antchito ndi olemba anzawo ntchito a ku Amaramba, m'boma la Mecanhelas

Munthu wa m'mbali mwa nyanja ya Amaramba akafuna ntchito ya pamwezi amalowera kutatu. Wina amapita ku Cuamba, kumene kuli masitolo, njanji ndi makampani ogula fodya ndi thonje. Wina amadutsa pa Entre Lagos n'kulowa m'Malawi pa Nayuchi, ulendo wa ku Liwonde, Zomba kapena Blantyre. Wina amalimba mtima n'kukwera za ku Joni. Konseko kumabweza anthu, ndipo obwerera ambiri amafotokoza mofanana: bwana anasintha zinthu, ndiye ndangozisiya.

Zosinthazo kawirikawiri zimakhala ziwiri. Malipiro amene adagwirizana atsika, kapena ayamba kubwera mwa apo ndi apo. Maola nawo achuluka: munthu amene ankaweruka dzuwa likadalipo tsopano akufika kunyumba ana atagona, ndipo tsiku lopuma ladyedwa. Pena zimatembenuka, masiku ogwira ntchito amatsika kuchoka pa asanu ndi limodzi kufika pa atatu, malipiro n'kutsika nawo limodzi. Munthu amapirira mwezi, miyezi iwiri, kenaka m'mawa wina sapitanso.

Akafika kumudzi, asanatule n'komwe chikwama, mayi a kunyumba amafunsa: nanga akupatsani chiyani? Nkhani ino ikuyankha funso limenelo. Yankho limasiyana pakati pa Mozambique, Malawi ndi South Africa, koma maiko atatu onsewa amagwirizana pa mfundo imodzi. Bwana angalakwe chotani, chimene wantchito adzatuluke nacho chimadalira kachokedwe kake: ngati adanena chifukwa, adachilemba, ndipo adakadandaula nthawi isanathe.

Chifukwa chake anthu amachoka mwakachetechete

Kuchoka osatsanzika si umbuli. Ndi nzeru imene makolo a dera lino adaiphunzira m'nthawi yowawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka 1929, Niassa ndi Cabo Delgado zinali m'manja mwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene inkadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi thukuta la anthu ogwidwa mokakamiza. Kampaniyo itachoka, chibalo chidapitirira pansi pa boma la Apwitikizi, kudabweranso kulima thonje mokakamiza, ndipo malamulo ololeza zimenezi adathetsedwa papepala mu 1961. Munthu wa pachibalo analibe ofesi yokadandaulako. Chimene akadatha ndi kudzuka usiku, kumanga kamtolo n'kuwoloka malire. Alomwe zikwizikwi adalowa mu Nyasaland motero, ngakhale kuti ambiri adakapezanso thangata m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu.

Miyendo idawapulumutsa makolowo, ndipo chizolowezi chake chidakalipo. Vuto ndi lakuti malamulo a ntchito a masiku ano adalembedwa mwina. Amene wachoka osanena kanthu amaoneka ngati wathawa ntchito, ndipo bwana amene adadula malipiro amatsala woyera.

Kumene lamulo lokaniza wosiya yekha lidachokera

M'maiko ena muli thumba limene antchito ndi mabwana amasonkhamo mwezi ndi mwezi, kuti munthu ntchito ikamuthera azilandirako kangachepe pamene akufunafuna ina. Dziko la Britain ndilo lidayamba kukakamiza zimenezi ndi lamulo, mu 1911. Poyamba lidakhudza ntchito zochepa, monga zomangamanga ndi zopanga zombo. Wantchito, bwana ndi boma ankasonkha, ndipo wosowa ntchito ankalandira masheleni 7 pa mlungu kwa milungu yosapitirira 15 pa chaka. Lamulo lomwelo lidanenanso kuti wosiya yekha ntchito popanda chifukwa chomveka adikire milungu 6 osalandira kanthu.

Mawu akuti chifukwa chomveka adayenda dziko lonse kuchokera pamenepo. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, lidawaika m'pangano lake nambala 168 la mu 1988, limene limalola boma kumana thandizo munthu amene wasiya ntchito mwa kufuna kwake popanda chifukwa chomveka. Ganizo lake ndi lakuti thumbalo ndi lothandiza pa tsoka, ndipo kusiya wekha si tsoka.

Koma munthu amene malipiro ake adulidwa pakati, kodi wasiya yekha kapena wachita kukankhidwa? Aphungu ndi oweruza a maiko ambiri adavomereza kuti bwana angathe kuchotsa munthu ntchito osatchula mawu akuti choka. Amangomufinya mpaka atuluke yekha. Ku Portugal, wantchito amene wathetsa kontirakiti chifukwa cha kulakwa kwa bwana amawerengedwa ngati wosowa ntchito mosafuna, ndipo angalandire kuthumba. Malamulo a kuno, a ku Malawi ndi a ku South Africa nawonso amamuzindikira munthu wokankhidwayu, lililonse mwa njira yake.

Kuno ku Mozambique: thumba kulibe, chipepeso chilipo

Choyamba chofunika kuchimvetsa ndi chowawa. Wantchito wolembetsedwa ku INSS, bungwe la boma loona za chitetezo cha antchito, amadulidwa 3 peresenti ya malipiro ake, bwana n'kuwonjezerapo 4 peresenti. Ndalama imeneyi imathandiza pa matenda, uchembere, kulumala, ukalamba ndi imfa. Pa kusowa ntchito sithandiza. Kaya munthu wachotsedwa kaya wasiya yekha, INSS simupatsa ya pamwezi yoti adye pofunafuna ntchito ina. Ambiri amakhumudwa akamva zimenezi atadulidwa zaka zambiri, koma zimene adasonkha sizitayika: zimawerengedwa pa penshoni ya ukalamba, imene imafuna miyezi 240 yosonkha, amayi atakwana zaka 55 ndipo abambo 60.

Popeza thumba kulibe, ndalama yokhayo imene wosiya ntchito angaione ndi yochokera m'thumba la bwana. Apa m'pamene lamulo la ntchito limalowa. Lamulo nambala 23 la mu 2007 lidagwira ntchito zaka zoposa 16, kenaka lidalowedwa m'malo ndi lamulo nambala 13 la mu 2023, limene lidayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024. Maziko a nkhani yathuyi adaikidwa mu 2007, ndipo lamulo latsopano lidawasunga. Nthawi yokhazikika yogwira ntchito ndi maola 8 pa tsiku ndi maola 48 pa mlungu. Maola owonjezera amalipiridwa ndi theka pamwamba mpaka 8 koloko usiku, ndipo kupitirira apo amalipiridwa kawiri. Bwana ali ndi udindo wosasintha malo ndi maola a ntchito, ndiponso wosatsitsa udindo wa munthu, kupatula pamene lamulo kapena kontirakiti ikulola. Boma limalengezanso chaka ndi chaka malipiro otsikitsitsa a gawo lililonse la ntchito. A zaulimi anali meticais 5,800 mu 2023 ndipo adakwera kufika 6,338 mu 2024.

Kachokedwe kalipo katatu, ndipo chitsanzo chongoyerekeza chingakaonetse bwino. Mnyamata wagwira ntchito zaka 4 m'sitolo ina ku Cuamba, pa kontirakiti yopanda tsiku lothera, akulandira meticais 10,000. Mwezi wina bwana akumuuza pakamwa kuti malonda avuta, kuyambira tsopano azilandira 7,000, ndipo sitolo izitsekedwa 8 koloko usiku m'malo mwa 5 koloko.

Kachokedwe koyamba ndi kongosowa. Mnyamatayo wakwera njinga ya kabaza, wabwerera ku Amaramba, foni wazimitsa. Pakatha masiku 15 otsatizana osaoneka popanda chifukwa, lamulo limamuyesa wothawa ntchito. Satenga kanthu, ndipo bwana angathe kumuwerengera ngongole ya masiku a notisi imene sadapereke.

Kachiwiri ndi kotsanzika mwaulemu osatchula chifukwa. Amalemba kalata yakuti akusiya ntchito, napereka notisi ya masiku 15 ngati wagwira kupitirira miyezi 6 koma osapitirira zaka 3, kapena masiku 30 ngati wapitirira zaka 3. Amalandira malipiro a masiku amene wagwira ndi za tchuthi chimene sadapite. Chipepeso palibe, chifukwa papepala wasiya mwa kufuna kwake. Anthu ambiri aulemu amagwera pano. Amalemba kuti akusiya chifukwa cha mavuto a kumudzi, poopa kukhumudwitsa bwana, osadziwa kuti chiganizo chimodzicho chafafaniza mlandu wawo wonse.

Kachitatu ndi kamene lamulo limakatcha justa causa, kuthetsa kontirakiti chifukwa bwana waphwanya dala ufulu wa wantchito. Mnyamatayo amalemba kalata kudakali masiku osachepera 7, natchula momveka zimene zachitika: tsiku limene malipiro adatsitsidwa, kuchoka pa zingati kufika pa zingati, maola amene awonjezeredwa osalipiridwa. Chipepeso chake ndi malipiro a masiku 45 pa chaka chilichonse chimene wagwira. Masiku 45 ndi mwezi ndi theka, kutanthauza meticais 15,000 pa chaka, ndipo zaka 4 zikupereka 60,000, osawerengera zimene adadulidwa ndi maola owonjezera amene sadalipidwe. Akadakhala pa kontirakiti ya nthawi yoikika, akadayenera kulandira malipiro a miyezi yonse yotsala. Masiku 7 aja si oseweretsa: lamulo la 2007 lidaika chindapusa cha malipiro a masiku 20 kwa wantchito wowalumpha.

Munthu mmodzi yemweyo, bwana yemweyo, cholakwa chomwecho. Kusiyana kwa kutuluka chimanjamanja ndi kutuluka ndi 60,000 kwagona pa pepala limodzi.

Komabe si kusintha kulikonse kumene kuli chifukwa chomveka. Bwana akasuntha nthawi yolowera ndi theka la ola, maola onse osachuluka, palibe woweruza amene angati munthu wakankhidwa. Kontirakiti ikakhala kuti idanena kale za mashifiti osinthasintha, kusinthako n'kololedwa. Wantchito akasaina pepala latsopano lovomera malipiro otsika, kudzakhala kovuta kunena mawa kuti sadagwirizane nazo, n'chifukwa chake pepala lotero ndi lofunika kupita nalo kunyumba kaye, kukaliwerenga ndi munthu wodziwa Chipwitikizi cha malamulo. Palinso nthawi imene kampani yavutikadi. Lamulo la 2007 linkalola kuimitsa kontirakiti kwakanthawi pa zifukwa za chuma, wantchito n'kumalandira 75 peresenti mwezi woyamba, 50 wachiwiri ndi 25 wachitatu, koma osatsika pansi pa malipiro otsikitsitsa. Makampani ambiri adatsata njira imeneyi mu 2020, boma litalengeza nyengo ya ngozi chifukwa cha Covid-19. Kusiyana kwake ndi zija za m'sitolo n'kwakuti kuimitsa kotere kumalembedwa, kumadziwitsidwa kwa akuluakulu a zantchito, ndipo kuli ndi malire ake.

Bwana akakana kulipira, malo opitako alipo. Oyendera malo a ntchito a Inspecção Geral do Trabalho ali ndi mphamvu yofufuza mabuku a kampani. Bungwe la COMAL, limene lidakhazikitsidwa mu 2009, lili ndi malo m'chigawo chilichonse okhalitsa pansi wantchito ndi bwana pamaso pa mkhalapakati, ndipo zikakanika nkhani imapita kukhothi. Wosauka amene sangathe kulipira loya amathandizidwa ndi bungwe la IPAJ, ndipo ndi bwino kufika kumeneko kalata isanalembedwe, kuti akawerenge naye ndime za lamulo la 2023. Nthawi yodandaula ili ndi malire. Pa lamulo la 2007 inali miyezi 6 yokha chichokereni pa ntchito. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo wodikira kuti akolole kaye mpunga asanapite ku ofesi angapeze mlandu wake utatha mphamvu.

Kutsidya kwa nyanja ya Chiuta

Wa ku Amaramba amene akugwira ntchito m'Malawi apezanso kuti thumba la osowa ntchito kulibe. Lamulo la penshoni la kumeneko limadula wantchito 5 peresenti, bwana n'kuikapo 10, koma imeneyo ndi ya mtsogolo. Chomwe chilipo ndi Employment Act ya mu 2000. Ndime 60 ya lamuloli imalola wantchito kuchoka popanda notisi ngati khalidwe la bwana lafika poti palibe angayembekezere munthuyo kupitiriza. Kuchoka kotere kumawerengedwa ngati kuchotsedwa mopanda chilungamo. Khothi la zantchito, Industrial Relations Court, lingalamule chipepeso, ndipo pamwamba pake pamabwera ndalama ya zaka zimene munthu wagwira, imene kwa zaka 5 zoyambirira ndi malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse chathunthu.

Zinthu ziwiri ndi zofunika kuzisunga. Udindo woonetsa kuti zinthu zidafika posapiririka uli pa wantchito, osati pa bwana. Ndipo dandaulo liyenera kufika kwa mkulu wa ku leba wa m'bomalo pasanathe miyezi 3. Munthu amene wawoloka n'kubwerera kwawo ku Mecanhelas amaiwala msanga masiku amenewa, pomwe ofesi imene ingamuthandize waisiya kumbuyo.

Amene amapita ku maesiteti a fodya adziwenso kuti mu 2021 Malawi adaletsa utenanti, uja wodyetsa banja chimanga cha ngongole chaka chonse n'kudzawerengera fodya atagulitsidwa. Pamaso pa lamulo, wolima fodya wa mwini munda ndi wantchito woyenera malipiro.

Ku Joni, kumene thumba lilikodi

Mwa maiko atatuwa, South Africa yokha ndiyo ili ndi thumba la osowa ntchito, limene aliyense amalidziwa ndi dzina lakuti UIF. Pa malamulo a mu 2001 ndi 2002, wantchito amadulidwa 1 peresenti, bwana n'kuikapo 1 peresenti. Aliyense wogwira maola 24 kapena kuposerapo pa mwezi kwa bwana mmodzi ayenera kulembetsedwa, ndipo kuyambira 2003 antchito a m'nyumba adalowamo. Ntchito ikatha, munthu amalandira pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro ake, wolandira zochepa ndiye amapatsidwa peresenti yokulirapo. Mphamvu ya thumbali idaoneka nthawi ya Covid-19, pamene lidatulutsa marandi oposa 50 biliyoni kuthandiza antchito amene makampani awo adatseka.

Koma wosiya yekha salandira. Bwana amadzaza fomu yotchedwa UI-19, ndipo pafomupo pali malo olemba chifukwa chimene ntchito yathera. Pakalembedwa kuti munthu wasiya yekha, ofesi imabweza pempho. Njira yokhayo ndi kuonetsa kuti kusiyako kudali kokankhidwa. Labour Relations Act ya mu 1995 imati wantchito amene wachoka chifukwa bwana wachititsa ntchito kukhala yosapiririka, ameneyo wachotsedwa. Woweruza nkhani zotere ndi bungwe la CCMA, limene sililipiritsa, koma limafuna dandaulo pasanathe masiku 30. Likagamula mokomera wantchito, chipepeso chingafike pa malipiro a miyezi 12, ndipo chigamulocho chimatsegula njira ya ku UIF.

Mu 2009 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo, pa mlandu wa Strategic Liquor Services ndi Mvumbi, lidafotokoza kuti wantchito sayenera kuonetsa kuti analibiretu kochitira kwina. Chofunika ndi kuonetsa kuti bwana adachititsa ntchito kukhala yosapiririka. Ngakhale zili choncho, milandu yotere ndi yovuta kupambana. Oweruza amafunsa ngati munthuyo adayamba wadandaula mkati mwa kampani, ndipo amene adangonyamuka tsiku lomwelo atapsa mtima kawirikawiri amagwa nawo.

Pali chinthu china chimene ambiri a ku Joni sachidziwa, chonsecho chimakhudza ndendende nkhani ya maola. Lamulo la UIF lidasinthidwa mu 2016, ndipo tsopano munthu amene masiku kapena maola ake achepetsedwa angapemphe thandizo akadali pa ntchito, ngati zimene akulandira zatsika pansi pa zimene thumba likadamupatsa atakhala wopanda ntchito. Mayi wogwira ntchito m'nyumba ku Johannesburg, kapena bambo wa pafamu ya zipatso amene amuuza kuti azibwera masiku awiri okha, akasiya ataya zonse, koma akakhala n'kupita ku ofesi ya zantchito angathe kuwonjezeredwa. Kusintha komweko kudatalikitsa nthawi yopemphera thandizo kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 12.

Nanga amene mapepala ake adatha? Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khothi la zantchito lidagamula kuti munthu wa ku Argentina amene chilolezo chake chogwirira ntchito chidatha, adali wantchito ndithu pamaso pa lamulo ndipo CCMA inayenera kumva dandaulo lake. Choncho kusowa chitupa sikupatsa bwana ufulu wodula malipiro momwe afunira. Za UIF zokha ndi zina: kumeneko amafuna munthu wolembetsedwa, wa mapepala ovomerezeka, amene ndalama yake inkalowadi m'thumba.

Umboni umasonkhanitsidwa munthu asanachoke

M'maiko onse atatu mlandu umaima kapena kugwa pa umboni, ndipo umboni umapezeka mosavuta munthu akadali pa ntchito. Kapepala ka malipiro ka mwezi uliwonse n'kofunika kukasunga m'pulasitiki, kutali ndi mvula ndi chiswe. Wolandira pa foni asafufute mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola, chifukwa uthenga wa mwezi wa 10,000 ukaikidwa pafupi ndi wa mwezi wa 7,000, pali tsiku, nambala ya wotumiza ndi kuchuluka kwa ndalama, zonse zosafuna womasulira. Kope la ana a sukulu limakwana kulembamo tsiku ndi tsiku nthawi yolowera ndi yowerukira. Wolembetsedwa ku INSS angaone pa foni, kudzera pa M-Contribuição, ngati bwana akuperekadi ndalama imene amamudula.

Kalata yoyamba isakhale yotsanzika. Ikhale yodandaula, yaulemu ndi yaifupi: pangano lathu linali lakuti, kuyambira tsiku lakuti zasintha motere, ine sindidavomereze, ndikupempha kuti zibwerere m'malo. Ilembedwe ziwiri, bwana kapena kalaliki wake asaine ndi kudinda pa imene wantchito atsale nayo. Akakana kusaina, anzake awiri amene adaona ikuperekedwa alembe maina awo kumbuyo, ndipo ijambulidwe pa foni. Mabwana ena amabwerera m'mbuyo pomwepo, poona kuti munthuyu akudziwa chimene akuchita, ndipo ntchito imapulumuka. Zikapanda kusintha, kalata yachiwiri, yothetsa kontirakiti, imatsamira pa yoyambayo.

Olemba anzawo ntchito nawonso apindule ndi mfundo yomweyi. Malonda amavutadi, mitengo ya fodya ndi thonje imagwa, ndipo mwini sitolo angakakamizike kuchepetsa. Amene aitana antchito ake, nawaonetsa m'mene zinthu zilili, nagwirizana nawo papepala kuti kuchepetsako n'kwa miyezi ingati, amadziteteza ku chipepeso chachikulu. Amene angolengeza pakhomo la sitolo m'mawa akudzikumbira yekha mlandu.

Amene alibe pepala lililonse

Wowerenga wa ku Amaramba angafunse moyenera: nanga ife ambiri, amene sitidaonepo kontirakiti? Kuno ntchito yaikulu ndi ya pamadzi ndi m'munda. Alovi amakoka khoka kapena kuonjola matchera a mwini bwato, n'kugawana makumba, milamba ndi matemba madzulo. Aganyu amalima ndime m'dambo la mpunga. Atsikana amapita kukalera ana m'tauni, anyamata kukaweta ng'ombe.

Lamulo la kuno silidawasiyiretu. Limati kusowa kwa kontirakiti yolembedwa sikuchotsa ufulu wa wantchito, ndipo mlandu wa kusalembako umagwera bwana. Limatinso munthu amene akugwira ntchito yolipidwa, mwini ntchito akudziwa ndipo osaletsa, ayesedwe wantchito wake. Choncho wogulitsa m'golosale ku Insaca amene wagwira zaka zitatu pa pangano la pakamwa ali ndi poyambira, bola akhale ndi mboni ndi kope lake. Zimavuta kwa waganyu, amene pangano lake limatha ndime ikatha, ndi kwa mlovi wolandira gawo la nsomba, amene mwini bwato akasintha kagawidwe alibe malipiro a pamwezi oti awerengerepo masiku 45. Mlimi wa fodya wa pa ngongole ya kampani nayenso mkangano wake ndi wa mtengo ndi magiredi, osati wa malipiro.

Mtunda nawo umalepheretsa. Kuchokera ku Cuamba kukafika ku Lichinga, likulu la chigawo, ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo munthu amene wangotaya ntchito sapeza msanga ya thiransipoti. Ufulu umene uli m'buku la Chipwitikizi, mu ofesi yakutali, umafika movutikira kwa mayi wolankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chilomwe.

Zina mwa izi zingakonzedwe konkuno, osadikira Maputo. Makomiti a asodzi a CCP angasunge buku limene mwini bwato ndi alovi ake alembemo kagawidwe nyengo isanayambe, kuti mkangano ukabuka amfumu akhale ndi poweruzira. Mipingo ndi mizikiti ili ndi aphunzitsi otha kulemba kalata ya Chipwitikizi, ndipo angapatule tsiku lothandiza anthu. Mawailesi a m'madera angawerenge ndime za lamulo la 2023 m'zilankhulo za kuno. Akuluakulu a boma la Mecanhelas angapemphe kuti oyendera malo a ntchito ndi a IPAJ azifika pa masiku a msika, kumene anthu amasonkhana kale.

Chachikulu chili m'manja mwa mabungwe a antchito, OTM-Central Sindical ndi CONSILMO, amene chaka chilichonse amakhala pansi ndi boma ndi mabwana kukambirana malipiro otsikitsitsa. Pangano la ILO nambala 102 la mu 1952 lidatchula magawo 9 a chitetezo cha anthu, ndipo thandizo kwa osowa ntchito ndi limodzi mwa iwo. INSS ilibe gawo limeneli mpaka lero. Pa tebulo lomwe lija m'pamene nkhani ya thumba la osowa ntchito iyenera kukambidwa. Ndipo tsiku limene thumbalo lidzalembedwe, antchito a ku Niassa adzaonetsetse kuti muli ndime ziwiri zimene anzawo a ku South Africa adazipeza kale: yakuti wokankhidwa ndi kudulidwa kwa malipiro awerengedwe ngati wochotsedwa, ndi yakuti amene maola ake achepetsedwa athandizidwe akadali pa ntchito.